Mawu amene malemu anafufuta

Munthu amene ankayang'anira makompyuta a kampani anaikidwa m'manda kalekale, koma m'mawa uliwonse uthenga wake unkafikabe: "Mwadzuka bwanji? Zonse zasungidwa bwino." Mtsikana amene anatenga mpando wake, yemwe anzake ankangomutcha Mlowam'malo, ankachita tsemwe akauona.

Sikuti inali mizimu ayi. Inali pulogalamu ya Perl imene malemu analemba, yokopera detabesi, nkhokwe ya zolemba zonse za kampani, n'kutumiza lipoti. Koma abale, kalembedwe kake! Mizere yopiringizana ngati mawaya a kuseri kwa seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse. Bwana anati aiphweketse.

Mlowam'malo atatsegula mafayilo okopedwawo, anawayang'ana kawiri. Onse anali opanda kanthu, kuyambira pamene ofesi inatseka akaunti ya malemu. Seva ikanangopsa, kampani yonse ikanatha.

Nanga lipoti linkanamiranji? Mu Perl, mzere ukalephera pamafunika mawu oti die, ndiye kuti ifa, kuti pulogalamu iime pompo n'kudandaula. Malemu anawafufuta paliponse, ndiye pulogalamu inkangopitirira ngakhale zalephereka. Pamzere wina anasiya ndemanga: "Mawu awa sindikufuna kuwaona pano." Tsiku lake linali la mwezi umene anayamba kugona kuchipatala.

M'munsi munali nambala ya foni imene inkalandiranso uthengawo. Anaiimba.

"Ndine mkazi wawo," anayankha mayi wina. "Ndikudziwa kuti ndi makina, mwanangu, si ine chitsiru. Koma foni ikalira ndi dzina lawo, ndi pamene ndimadzuka."

Mlowam'malo anamva chisoni, ndipo anakwiyira malemu, munthu amene sanamuonepo n'komwe. Kukopera sikukanayenda popanda kusamutsira zonse ku akaunti yake, ndipo dzina la malemu likanachoka pa uthenga. Kunamizira kutumiza uthenga m'dzina la malemu sanafune. Bodza linali litakwana m'chipindamo.

Anakhala pampando wa malemu, wotsamira kumanzere mmene mwini wake ankakhalira, seva ikung'ung'udza pambali. Anabwezera mawu aja mzere ndi mzere. Kenako mafayilo anayamba kudzaza.

M'mawa mwake lipoti linatuluka loona, m'dzina la Mlowam'malo. Asanavule n'komwe jekete, foni ya pa desiki inalira.

"Lero sanandidzutse," anatero mayi aja.

"Pepani amayi. Ndine ndachita zimenezo."

Mayiwo anapumira m'mwamba.

"Basi, mwanangu. Ndiye kuti amwaliradi."