Mzinga wa pa linga

Amuna anga amalemba nkhani za maulendo m'nyuzipepala, koma basi ikangonyamuka iwo amayamba kusanza. Ndiye kwa zaka zisanu woyenda ndakhala ndili ine. Ndimapita ndi kope, kufunsa okalamba, kuwerenga masitepe. Iwo amakhala pa tebulo la pabalaza n'kumalemba kuti "ndinakwera phiri thukuta lili kamukamu."

Tsiku lina mkonzi anaimba foni. Akufuna chithunzi cha mlembi ali pa linga lakale la asilikali lomwe amuna anga analemba nkhani yake chaka chatha. Chikapanda kufika Lachisanu, tsamba la amuna anga apatsa wina.

Tinayenda masiku awiri. Amuna anga anatha majumbo osanziramo asanu ndi anayi.

Mlonda wa pa linga anandizindikira ndili patali.

"Aa, amayi a mafunso aja! Bwerani mundithandize. Mukumudziwa amene analemba za malo ano? Akuti pakhomo pano pali mzinga wa nkhondo. Mzinga uti? Alendo akafika amafunsa mzinga. Mabwana anga akuti ndinaugulitsa kwa ogula zitsulo, akufuna kundichotsa ntchito. Ameneyo ndikadzangomuona..." Anagwedeza chibonga.

M'kope langa munalibe mzinga. Ndinayang'ana amuna anga.

"Unali wongokometsera," ananong'ona.

"Nanga bambo awa ndani?" anafunsa mlonda.

Amuna anga anatola chikwama changa n'kuchisenza pamutu.

"Wonyamula katundu, bwana."

"Wafookatu ameneyu, amayi. Mumamudyetsa?"

Chithunzi anajambula ndi mlonda yemweyo pa foni yanga. Anandiimika pakati pa khomo, kope m'manja.

"Iwe, bwerera kumbuyo, ukuphimba amayi!" anakalipira amuna anga.

Lachisanu tinali mu ofesi ya mkonzi. Anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anafunsa amuna anga kuti masitepe a linga alipo angati.

"Ambiri ndithu," anatero.

"Makumi anayi ndi atatu," ndinatero ine. "Yachisanu ndi yogumuka, musaponde kumanzere."

Tsamba lija ndi langa tsopano. Nkhani yanga yoyamba inayamba chonchi: "Pa linga paja palibe mzinga, ndipo sunakhalepo." Mlonda akadali pa ntchito.

Amuna anga ndiwo amanditaipira, popeza zala zawo n'zachangu. Koma ndimawerenga kawiri asanatumize. Dzulo ndinachotsamo mkango.