Oyankha Nthano ya a Useni

Waziri anapita ku Doha ngati dalaivala, koma ntchito inasanduka yosambitsa nkhalamba. Nkhalambayo inali bambo a bwana wake, Madamu Mirjeta a ku Albania, amene ankajambula mapulani a nyumba. Dzina la bambowo linali Hysen, koma lilime la Waziri la ku Chiradzulu linawatcha a Useni, iwo osakana.

Mudzi umene a Useni anabadwira uli pansi pa madzi. Boma linamanga damu, anthu n'kumwazikana. Nthano za kumeneko zinatsala m'mutu umodzi wokha, ndipo mutuwo unali utayamba kudontha ngati denga la udzu wakale. Dokotala ananena mosabisa kuti sitiroko ikabweranso, lilime lipita. N'chifukwa chake Madamu anafuna kujambula mawu a bambo awo, makamaka nthano yaitali ya njoka ya m'phiri, imene Madamuwo ankangokumbukira zidutswa zake.

Anaika foni patebulo m'nyumba yawo ya ku Fereej Bin Omran, makatani ali otseka chifukwa cha dzuwa.

"Waziri, khala apo, koma ngakhale kutsokomola ayi."

A Useni ankayamba, n'kuima. Ankayang'ana foniyo ngati munthu amene wapereka moni kwa mwala. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi.

Masana ena Waziri akuwawenga zikhadabo za kumapazi, nkhalamba inayambanso, n'kuima pomwe paja. Pakamwa pa Waziri panatsogola osapempha chilolezo.

"Tili tonse."

Kwawo nthano siyenda yokha. Wosimba akapuma, omvera amayankha. Akapanda kutero imagwa. A Useni anamuyang'anitsitsa, kenaka anapitiriza.

"Wati chiyani?" Madamu ananong'ona.

"Pepani, Madamu. Kwathu timatero, kuti wosimba adziwe kuti sitinagone."

"Yalla, tiye, usasiye!"

Waziri sankamva liwu ndi limodzi lomwe la Chialubaniya, koma mpweya wa wosimba ndi umodzi kulikonse. Akapuma, iye ankayankha. Madamu ankamunong'oneza tanthauzo pang'onopang'ono: njokayo dzina lake kulshedra, imagona m'phanga, imamana anthu madzi, ndipo tsiku limene yasamuka, phiri limang'ambika, madzi ndi miyala n'kutsikira pamudzi.

Njoka imeneyo Waziri ankaidziwa. Kwawo ndi Napolo. Chaka cha namondwe Freddy, iye ali m'galimoto ku Ras Abu Aboud kudikira bwana, anaona pafoni matope pamalo pamene panali mudzi wawo. Mayi ake, mlongo wake Salima, ana a Salima, onse anakwiririka. Iye sanapite kumudzi. Akanakaika chiyani m'manda? Boma linalengeza chiwerengero, koma chiwerengero chilibe manda oti munthu n'kukagwadapo.

A Useni anafika pamene njoka ikutsika phiri, n'kupuma.

"Waziri, chonde," anatero Madamu.

Waziri anatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Mlomo wa nkhalamba unayamba kulendewera, maso akuchoka. Nthano inali ikugwa onse akuona.

Ndiye a Useni anatembenuzira mutu kukhomo, kumene kunalibe munthu. Anatchera khutu, n'kugwedeza mutu monga amachitira munthu polandira alendo amene achedwa. Anapitiriza. Anapumanso kangapo, ulendo uliwonse akumvetsera kukhomo kuja, mpaka njoka inaphedwa, madzi n'kubwerera mumtsinje. Anaomba m'manja kamodzi, n'kupempha tiyi.

Sabata yomweyo sitiroko inabwera, lilime n'kupita.

Ali m'galimoto panja pa chipatala, Madamu anatsegula zimene anajambula zija. Mawu a bambo awo anadzaza galimoto, a Waziri akuyankha pambuyo. Kenaka pa njoka paja: zii. Madamu anakweza mawu. Pansi pa phokoso longa la mvula yakutali panamveka yankho, lotsika, la anthu ambiri, lokoka mawu monga ankakokera kumudzi kwawo kwa Waziri. Ndipo liwu limodzi linabwera mochedwa, ena atamaliza kale. Salima ankachedwa choncho kuyambira ali mwana, mpaka mayi ankamuseka kuti adzachedwa ndi pa tsiku la chiweruzo.

"Ndi makina oziziritsa mpweya aja," anatero Madamu, koma mawu awo sanali olimba. "Ndisanatumize kwathu ndichotsa phokosoli."

"Musachotse, Madamu."

"Chifukwa?"

"Mukachotsa, bambo akaima pomwe paja. Kulikonse kumene mukawatumize, akaima."

Madamu anayang'ana mawindo a chipatala nthawi yaitali.

"Tabwezani pang'ono," anapempha Waziri.

Anabweza. Njoka inayambanso kutsika phiri, a Useni n'kupuma. Anthu aja anayankha, Salima n'kutsatira. Waziri anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, n'kuyankha naye, pambuyo pa mlongo wake.

"Tili tonse."