Maso a Bambo

Mzime anagogoda pachitseko cha shopu yometera ya bambo ake ngati mlendo, mtima ukudumphadumpha ndi chimwemwe. Mawa lake ankakayankha mafunso pamaso pa aphunzitsi a ku yunivesite, ndipo malo ophunzira zamalamulo anali ochepa. Ndiye banja lonse linasandutsa malo ometerawo kukhala ofesi, kuti mwana ayeserere.

"Lowani!" anakuwa bambo ake. Anali atadzikhazika pampando wometera ngati profesa, atavala jekete la paukwati wawo, lomwe mabatani ake anadana kalekale ndi mimba. Pambali pawo panakhala mkulu wake wa Mzime, mlembi wa pakampani, wodziyesa katswiri pa zoterezi.

Mzime analowa, nakhala. Mayankho ankawadziwa ngati dzina lake. Anawakhuthula mawu akuthamangitsana, mpaka mayi ake, amene ankasuzumira pazenera, anawomba m'manja.

"Walephera," anatero mkulu wakeyo.

"Aa! Ndalakwitsa pati, achemwali?"

"Ukuyankha simenti kapena anthu? Loya wanji woyang'ana pansi? Ukakatero mawa, akakuyesa wabodza. Manyazi anapha lambe, iwe. Uwayang'ane bambo m'maso."

Apa m'pamene panagona nkhani. Chibadwire, Mzime anali asanayang'anepo munthu wamkulu m'maso. Bambo ake omwewo ndiwo anamuphunzitsa kuti mwana waulemu amagwetsa nkhope. Mzime anayesa kubera powayang'anira pagalasi, koma mkulu wake analiphimba ndi thaulo. Onse anafa nacho chiseko. Iye yekha mantha anamugwira: ulemu umene ankamutama nawo, ndiwo umutsekere chitseko?

"Mwana wanga," anatero bambo, mawu auprofesa atawathawa, "anakuphunzitsa zimenezi ndine. Lero ndikukumasula ine ndemwe. Dzutsa nkhope."

Anaidzutsa pang'onopang'ono. Kolala, ndevu za imvi, mphuno. Kenako maso. Anali aang'ono, otopa, ndipo misozi inali italengeza. Zaka zonsezi sankadziwa kuti bambo ake amamuyang'ana chonchi.

Bambo anatsokomola. "Eya, mayi, n'chifukwa chiyani mukufuna kuphunzira zamalamulo?"

Mzime anayankha mosaphethira, liwu lililonse pamalo pake. Asanafike n'pakati pomwe, aprofesa aja anaweramitsa mutu, nayamba kufunafuna chipeso chimene chinali m'manja mwawo.