Alovera wa pa thanthwe

Keziya anali atatsimikiza kuti Lolemba ayambiranso geni yake yokaoda zitenje ku Chipata. Chomutchinga chinali Shalom, mwana wa zaka ziwiri amene ankatha kuthamangitsa nkhuku mpaka kwa aneba koma bere osalisiya.

"Bambo a Shalom," anatero Keziya kwa mwamuna wake Lovemore, "mukandithyolere alovera wam'thengo, wowawa kwambiri uja. Ndikangopaka kubereku kamodzi, asiya yekha."

"Nanga uyu tinadzala kuseri kwa bafayu?"

"Ameneyo ndi therere chabe. Ngakhale nkhuku zimamwa osatsinzina."

Lovemore anali munthu wodana ndi kuchita zinthu mwachisawawa. Anapalasa njinga mpaka pa thanthwe lina kunja kwa Mkanda, koma atafika anangogwira m'chiuno. Alovera analipo wambirimbiri, atamera m'magulumagulu, tsinde lililonse litazunguliridwa ndi tiana take. Koma sanali wofanana. Wina anali ndi mawanga oyera ngati nkhanga, wina wobiriwira yekhayekha, wina pamwamba pa mwala anali wofiirira ndi dzuwa. Za mawangazi Keziya sananenepo kanthu.

Anaganiza zolawa. Anathyola tsamba lamawanga n'kunyambita madzi ake achikasu. Nkhope yonse inasonkhana pamphuno. Analawa lobiriwira, ndipo linaposa loyamba lija. Lofiirira linaposa onse awiri.

A Zakeyu, mkulu wina wa m'mudzi woyandikana, ankadutsa atamangirira mbuzi pakaliyala. Anatsika panjinga kuti aonetsetse.

"Mphwanga, chaka chino mtedza unabereka. Njala yake iti yodyera zimenezo?"

"Ndikufuna wowawa kwambiri, achimwene. Mwana asiye bere."

"Wowawa ndi wamwamuna. Uyang'ane wa minga zikuluzikulu."

"Wa minga zikuluzikuluyu ndi amene ali ndi ana ambiri m'mbalimu."

"Ndiye kuti ndi wamitala," anatero a Zakeyu, n'kukwera njinga yawo.

Pobwerera, Lovemore anaona gulu lina pa bwinja la m'mbali mwa njira, la masamba onenepa, osalala. Analawanso. Ameneyu ndiye anamumva mpaka m'makutu. Anathyola masamba angapo n'kulowera kunyumba ali wonyada ngati mlenje.

Keziya anatenga tsamba limodzi n'kulitembenuza uku ndi uku. "Ameneyutu akufanana ndi wa kuseri kwa bafa."

"Mayi a Shalom, inu mwaona ndi maso. Ine ndalawa."

Keziya anapaka. Shalom anabwera, anayamwa kamodzi n'kuima. Anayang'ana mayi ake, anayang'ana bambo ake, kenaka anapitiriza. Atamaliza anapempha bere linalo.

"Mwanayu si wabwinobwino," anatero Lovemore. "Tandipatsani madzi." Anamwa pang'ono n'kulavula. "Mwathiramo chiyani m'ndowamu?"

Keziya anatunga m'ndowa momwemo n'kumwa kapu yonse. Kenaka anadula kachidutswa ka nzimbe n'kumupatsa mwamuna wake.

"Nayonso ikuwawa," anatero Lovemore motsitsa mawu.

Keziya anaseka mpaka anakhala pansi. "Lilime lanu linafera pa tsamba loyamba. Mukanalawa ngakhale chishalo cha njinga mukanabwera nacho."

Lovemore anafuna kuyankha, koma m'mimba munayamba kubangula, pakuti alovera samangowawa m'kamwa mokha. Tsiku limenelo njira ya kuchimbudzi anaiyenda mpaka kuisalaza. Za kubwerera kuthanthwe sanafune n'kuzimva komwe.

Lolemba m'mamawa Keziya anamanga chikwama chake, anamunyamula Shalom n'kumukhazika pamiyendo pa bambo ake.

"Mwana sasiya bere limene akuliona," anatero. "Ndibwera Lachinayi. Phala liri m'poto, mbereko iri pachingwe."

"Nanga akalira?"

"Mulire naye. Nonse mwasiyitsidwa."

Shalom anamuyang'ana mayi ake mpaka anakhota pa mtengo wa mango. Kenaka anatembenuka n'kuyamba kufunafuna m'malaya a bambo ake.