Dzina Langa pa Kolala

Ine Eneless, telala wa ku Lufita, ndinali munthu woyamba kudera konseko kusoka dzina langa pa kolala ya diresi. Mundimvetse, woyamba! Kansalu koyera, ulusi wofiira, zilembo zopeta ndi manja angawa: ENELESS, LUFITA. Munali mu 1978, patatha zaka zitatu chisamukire kuchoka ku Ntcheu, amuna anga a Wallace atatumizidwa kudzaphunzitsa kuno.

Iwo sankakondwa nazo. "Amake Tiwonge," ankatero, "masiku ano munthu wanzeru salemba dzina lake paliponse." Ndinkawayankha kuti mantha awowo azikaphunzitsa ana a sukulu. Ndinkafuna kuti mkazi akatchena ku Kaseye kapena ku Wenya, anzake azimutembenuza kolala n'kuwerenga dzina langa.

Khirisimasi itayandikira, amayi asanu ndi anayi anandipatsa ntchito sabata imodzi. Nsalu ndinagula kwa wamalonda wa kumalire, yamaluwa achikasu, yokongola mochititsa kaso. Tsono nsalu yatsopano timayamba taiviika m'madzi kuti ifupikiretu tisanaidule. Telala aliyense amadziwa zimenezi. Ine, pofuna kufulumira, ndinangoti aaa, ya ulendo uno ikhululuke. Ndinayeza bwinobwino, diresi iliyonse kutsika zala zinayi pansi pa bondo, poti nthawi imeneyo lamulo linkaletsa mkazi kuonetsa bondo. Ukapezeka, unkakafotokoza kupolisi.

Pa Khirisimasi anatchena amayi aja, ine mtima uli mbee. Koma atachapa, kalanga ine! Lamlungu lotsatira ndili m'tchalitchi, ndinangoona mawondo. Mayi wina akupita kukapereka chopereka atapinda miyendo ngati akupalira. Wina wakhala pa benchi, buku la nyimbo lili pabondo, akuimba za pamtima zolakwikalakwika.

"Ndinanena ine," anatero a Wallace tikubwerera. "Mawondo ndi awo, koma dzina ndi lanu. Akakulandani makina, tidya choko?"

Ndinawakalipira njira yonse, koma Lolemba m'mawa ndinatenga lumo. Ndinayenda khomo ndi khomo. "Monire mama, ndabwera kudzaona ngati kolala ikukhala bwino." Akandipatsa diresi, ine tseu kumbali, dzina lija dulu, m'thumba. Pofika masana ndinali nditadula asanu ndi atatu. Ndinalira pobwerera, osanama ayi, poti kansalu kalikonse kanandidyera maso pokapeta.

Inatsala imodzi, ya a Phyllis, akazi a Sajeni Safeli a kupolisi. Kumeneko ndiye sindinayerekeze kupitako.

Lachiwiri ndili pakhonde ndikupalasa makina, ndinangoona njinga yaima, a Sajeni atsika, m'khwapa muli nsalu yamaluwa achikasu. A Wallace, amene anali pambali panga akuchonga makope, anakumbukira mwadzidzidzi kuti m'mimba mwawavuta. Mwamuna ameneyu!

A Sajeni anatembenuza kolala n'kuwerenga pang'onopang'ono. "Eneless, Lufita. Ndinu, mayi?"

Ndinafuna kukana, koma pakhonde panali ine ndekha ndi makina. "Ndine, bwana."

Anayang'ana uku ndi uku, kenako ananong'ona. "Mayi, ndithandizeni. Akazi anga akuti diresi iyi saisiya, ndipo Loweruka aivala popita kumsika. Ndawauza kuti ndi mlandu, akuti ndiwamange. Tsono ndikawamanga, ine ndikadya kuti?"

Nsalu yachikasu inali itatha. Ndinatenga yobiriwira yotsala, n'kulumikiza chigamba chachikulu kuzungulira m'munsi monse, chotsika mpaka pakati pa msongolo kuti ngakhale mphepo isapeze chonena. A Sajeni anathokoza m'Chitumbuka kuti yewo katatu, ngakhale kwawo n'ku Zomba.

Loweruka a Phyllis analowa mumsika, ndipo malonda anaima. Chachikasu pamwamba, chobiriwira m'munsi! Amayi anawazungulira, kugwira, kufunsa ngati yachokera ku Mbeya. Ine ndinathamangira kunyumba, ndinasesa pakhonde, n'kuthira mafuta m'makina kudikira asanu ndi atatu aja.

Sanabwere. Sabata inatha, ine ndili tong'o kuyang'ana msewu.

Lamlungu ndinawaona onse akulowa m'tchalitchi, chachikasu pamwamba, chobiriwira m'munsi, mitu ili m'mwamba. Titatuluka ndinamukoka mkono Dorothy, amene ndinkamuyesa mnzanga. "Iwe, wakusokera ndani chimenechi?"

"A Davison a kumsika," anatero, osaphethira n'komwe. "Ife tinaona kuti inu munatikana ndi lumo. Timati tibwerenso kudzatani?"

Davison! Munthu wosoka makabudula a sukulu, mwendo wina kutalika wina kufupika! Ndinatembenuza kolala ya Dorothy. Pamalo pomwe ndinadula paja, timaulusi tanga tofiira tikuonekabe, panali kansalu kena kolembedwa ndi bolopeni: DAVISON.

Mpaka lero ku Chitipa kuno diresi ya chigamba m'munsi amati ya Davison. Tinsalu tanga tisanu ndi titatu tija tili m'chitini cha mabatani. A Wallace atangoyamba kuti "Ndinanena ine," ndinawafunsa za m'mimba muja, ndipo nkhaniyo sanaiyambenso.