Madontho pa Modemu

Mwana wanga Vasudha amandiimbira foni ya vidiyo Lamulungu lililonse m'mawa, kwawoko ku Calgary dzuwa la Loweruka litangolowa. Ndimathira khofi m'kapu, n'kukhala patsogolo pa kompyuta nditavala shati yosita. Masiku asanu ndi limodzi otsalawo ndimangothirira maluwa a malemu mkazi wanga Girija ndi kukangana ndi nyuzipepala. Nyumba ino ndi yaikulu kwa munthu mmodzi, ndipo ndimasungulumwa, palibe chobisa.

Vuto linali loti nkhope ya Vasudha inkangouma pagalasi, kukamwa kuli yasa. Nkhani imodzi tinkaibwereza katatu, foni n'kuduka, iye n'kuimbanso. Pofika potsanzikana khofi uja ankakhala atazizira ngati madzi a mumtsuko. Mwanayo zinamutopetsa, choncho anandilembetsera intaneti yothamanga kwambiri. Palibe chinasintha. Ndinapita ku ofesi ya kampani ya kebulo kuno ku Mysuru kukalalata, ndipo ndinalalatadi, poti zaka makumi atatu za ukalaliki kunjanji zinandiphunzitsa kulankhula ndi anthu a pakauntala.

Anatumiza Basavaraju, bambo waimvi amene wakhala akukwera madenga a m'dera lathu kuyambira nthawi ya TV zachipumi. Anavula nsapato pakhomo, n'kuyeza chingwe ndi kamakina kake, kenako anagwada pashelefu pomwe pamakhala modemu, kabokosi kolandirira intaneti.

"Madala, chingwechi chilibe mlandu," anatero. "Liwiro lonse likufika pakhomo pano. Koma kabokosi aka n'kamakedzana, sikangalandire kuposa apa. Mwagula thanki yaikulu, mpopi ndi womwe uja."

Anati katsopano andipatsa ulere, koma kakaleko n'ka kampani, kali ndi nambala, ndipo kayenera kubwerera. Ndinamuuza kuti asakakhudze.

Chaka chilichonse, tsiku la Ayudha Puja lomwe timadalitsa zipangizo, Girija ankadutsa nyumba yonse ndi kambale ka utoto wofiira. Ankadinda kadontho ndi chala pa njinga yamoto, pa makina osokera, pa mpeni, ngakhale pa modemu. Ndinkamuseka kuti intaneti siidziwa milungu. Iye ankati ndiyo imam'bweretsera mwana wake m'nyumba, ndiye ikuposa njinga yanga yomwe imangobweretsa anyezi. Madontho akale sankawafufuta. Pa modemupo analipo khumi ndi limodzi, mumzere, ndipo lomalizalo linali lokhota chifukwa dzanja linali litayamba kunjenjemera.

Basavaraju anawerenga madonthowo ndi maso. "Ndi amayi?"

Ndinagwedeza mutu. Anangondisiyira nambala yake n'kupita.

Lamulungu lotsatira foni inaduka kasanu. Ndinamufotokozera Vasudha za madontho aja, koma sindikudziwa ngati mawu anafika. Zomwe zinafika kwa ine bwinobwino ndi izi: "Ababa, ine sindingathe. Ngati simusintha modemuyo, tizingolemberana mameseji basi."

Ndinachita mantha. Meseji ilibe nkhope. Lolemba m'mawa ndinaimbira Basavaraju.

Atabwera, kabokosi kakaleko sanakaponye m'chikwama cha mawaya ayi. Anapempha kansalu, n'kukakulunga, n'kukagunditsa pachipumi pake asanakanyamule. Pamalo pake anaika koyera mbee, kopanda ngakhale fumbi, ndipo anandionetsa manambala akuthamanga pa kompyuta. Ndinamupatsa khofi, koma sindinamuperekeze kugeti.

Tsiku lake litakwana, Vasudha anaoneka ngati wakhala tsidya la tebulo. Ndinaona imvi ziwiri pafupi ndi khutu, zomwe sindinkadziwa kuti ali nazo. Anafunsa ngati ndadya, ndinati ndadya. Anafunsa za mankhwala a shuga, ndinati ndikumwa. Ndinafunsa za chisanu, za ntchito, za mwamuna wake. Funso lililonse linamveka kamodzi n'kuyankhidwa kamodzi. Kenako tinangoyang'anana. Kale chete wotere tinkaunamizira netiweki, tinkati "Ukundimva? Nanga pano?" mpaka kuseka. Tsopano panalibe wom'namizira. Amene ankadziwa kutalikitsa nkhani m'nyumba muno anali mayi ake.

"Mwaona, Ababa?" anatero akumwetulira. "Tsopano sititayanso nthawi. Tionana sabata yamawa."

Pagalasi panalembedwa kuti talankhula mphindi zisanu ndi imodzi. Ndi modemu ya Girija tinkafika makumi anayi. Ndinatambasula dzanja kutenga kapu ija, ndipo khofi anandiwotcha lilime.