Nkhulukulu ya Kumtunda kwa Msewu

Chaka chimene namondwe anagwetsa nkhalango, bwana woyang'anira nkhalangoyo sanavutike pogawa ntchito yoikonzanso. Msewu wa mathirakitala unakhala malire: kumtunda anapatsa a Tsache, kumunsi anapatsa mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo.

Dzina la Tsache silinangobwera ayi. Bambowa chigawo chawo anachisesa ngati pabwalo pa chipatala. Mitengo yakugwa anaidula, nthambi anaunjika n'kutentha, zitsa anazula, mbande anabzala m'mizere yoyeza ndi chingwe. Miyezi isanu ndi itatu manja ali matuza okhaokha.

Nanga mlamuyo? Ha! Iye anangolambula kanjira kodutsa, basi. Zigogo anazisiya pomwe zinagwera, mitengo yothyoka pakati anaisiya chiimire. Akamufunsa ankangoti, "Zisiyeni ziwole, alamu." Ulesi wotere a Tsache anali asanauonepo chibadwire.

Patapita zaka zinayi, kumunsi kunali thengo lowirira la zitsamba ndi ziyangoyango zosadziwika mayina, malo onyansa zedi. Koma mbalame! Agogomole ankagogoda m'mitengo youma ija tsiku lonse, ndipo m'mabowo omwe iwo ankasiya munkalowa timbalame tina. Apumbwa, achoso, atimba, phokoso lake ngati pamsika. Kumtunda, m'mizere yokongola ija, munkangoyenda njiwa ziwiri zitatu. Zinkawapweteka a Tsache, osanama. Akamva gogomole tsidya lija, mtima unkachita kuwawa ngati akugogoda pachifuwa pawo.

Ndiye bwana anabwera ndi nkhani. Alendo oonera mbalame ayamba kufunsa, ndipo pakufunika munthu mmodzi wowatsogolera m'chigawo chake. Winayo apita ku nazale kukathira dothi m'machubu. Kukubwera mayi wina wowerenga mbalame, ndipo zimene apeze ndi zomwe zigamule.

Mayiyo anayamba ndi kumunsi. Kawerengedwe kake kanali kodabwitsa: ankaima pamalo amodzi mphindi khumi, maso atatsinzina, n'kumalemba zimene makutu amva. Anatuluka ndi mitundu makumi atatu ndi umodzi.

"Achimwene mutu ulipo, inu," anatero akazi awo a Tsache kunyumba, akupinda zovala. "Ankadziwa chimene akuchita."

"Ankadziwa kugona pamthunzi," anayankha a Tsache.

"Nsanjetu imeneyo, bambo."

Inalidi nsanje, yeniyeni, yosaphimba n'komwe. Zoona munthu wotuluka thukuta akathire dothi m'machubu, wogona avale yunifomu yatsopano? Ndipo a Tsache anali atamva mayi uja akudandaula ku ofesi kuti mbalame za m'mitengo italiitali sizinabwerere, makamaka nkhulukulu, ija ya mapiko ofiira, yomwe inasowa tsiku la namondwe. Kulira kwake a Tsache ankakudziwa bwino, anakumva zaka khumi ndi zisanu.

M'mawa mwake mayiyo atayamba kuwerenga kumtunda, a Tsache anati akukaona mpita woteteza moto. Anazungulira kukafika kukhwawa komwe kunatsala mitengo isanu ikuluikulu imene namondwe anailephera. Anabisala kuseri kwa thanthwe, anaphimba pakamwa ndi manja, n'kutulutsa mawu kuchokera pakhosi: ko-ko-ko-ko-koo! Katatu. Kenako anabwerera chozungulira, akupukuta manja pabuluku.

Anapeza mayiyo akulemba dzina la nkhulukulu mwachisangalalo. Mitundu inangokwana isanu ndi inayi, koma bwana atamva za nkhulukulu anawomba m'manja. Alendo amayenda ulendo wautali chifukwa cha mbalame ngati imeneyo, osati apumbwa opezeka paliponse. Yunifomu inapita kwa a Tsache.

Iwo ankadikira kuona nkhope ya mlamuyo itagwa. Ankaifuna nkhope imeneyo kuposa yunifomu. Koma munthu uja anawathamangira n'kuwakumbatira pamaso pa anthu onse, misozi ili chuchuchu.

"Alamu, yabwerera! Zaka zinayi ndakhala ndikutchera khutu. Ndinkati ndifa osaimvanso."

"Mwamva kuti mukupita ku nazale?" anafunsa a Tsache.

"Aaa, machubu si kanthu. Mundilole ndizibwera kukhwawako m'mawa ndisanayambe ntchito. Ndingoiona kamodzi kokha."

Akanakana bwanji? Kuyambira tsiku limenelo mlamuyo ankafika dzuwa likutuluka, n'kukhala pathanthwe lomwe lija, khosi lili m'mwamba. Ankapita ku nazale mochedwa, n'kukalipiridwa, mawa n'kubweranso. Ndipo nkhope yake inkawala! Izi ndiye zinawamaliza a Tsache. Amulanda ntchito, amulanda chigawo, komabe wosangalala ndi iyeyo. Iwo yunifomu inkawayabwa m'khosi, chakudya sichinkatsika.

Loweruka la sabata lachitatu kunafika alendo oyamba, asanu ndi mmodzi, aliyense ndi choonera patali pachifuwa. A Tsache anawadutsitsa m'mizere ya zii ija mpaka kukhwawa. Tsidya la msewu gogomole ankagogoda, ndipo alendo awiri anacheuka kuyang'ana komweko. Pathanthwe anapeza mlamuyo, buluku litanyowa ndi mame, m'zikhadabo muli dothi la machubu. Iye anaimirira mwaulemu, napatsa alendo malo ake.

Anadikira ola lathunthu. Masamba okha ndiwo ankagwedezeka. Kenako mlamuyo anasendera pafupi n'kunong'oneza.

"Alamu, mwina ine ndikuyang'ana polakwika. Inu makutu anu ndi akuthwa, ndipo tsiku lija munali chakonkuno. Inalirira mumtengo uti?"

Alendo onse anatembenuka kudikira yankho. A Tsache anakweza dzanja, naloza mtengo wapakati.

"Zikomo, alamu," anatero mlamuyo. "Mawa ndikhala pansi pa umenewo."